Funsani Malume: Pakamwa pathu tikaimirira pagulu

Mwezi uno makalata ambiri abwera pa nkhani imodzi, yoimirira pamaso pa anthu nkutsegula pakamwa. Kaya nchifukwa choti nyengo ya maukwati yafika kaya. Ndasankhapo asanu, ena ndawadula chifukwa munalemba ngati mukuyankha mayeso a MSCE.

Malume, ine ndi mlangizi wa zaulimi ku Ntchisi, ndangoyamba ntchito chaka chatha nditamaliza koleji. Sabata yapitayi ndinakayankhula kwa alimi pafupifupi 60 za kabzalidwe ka chimanga ndi kathiridwe ka feteleza, ndinakonzekera usiku wonse ndipo ndinayankhula mphindi 40 osapuma, nditamaliza ndinafunsa ngati pali funso koma onse anangoti zii kenako nkuomba mmanja. Pobwerera mnzanga anandiuza kuti theka la zomwe ndinanena zinali mChizungu ndipo palibe anatolapo kanthu. Koma Malume mawu enawa mChichewa mulibe, nde nditani?
Mlangizi wachinyamata, Ntchisi

Mphwanga, ndikuuze zoona usakwiye, mmanja muja sankaomba chifukwa unayankhula bwino ayi, ankathokoza kuti wamaliza apite akaone mbuzi zawo. Anthu akumudzi ndi aulemu, sangamuuze mlendo pamaso kuti sitinamve, amangoti zikomo alangizi mwatithandiza, mawa nkukabzala mmene ankabzalira agogo awo.

Tsopano zoti mawu mChichewa mulibe, apo nde ndakana. Mawuwo alipo, kungoti iweyo sunawaphunzire poti ku koleji anakuphunzitsa mChizungu. Mlimi wa ku Ntchisi samati NPK ndi urea, amati feteleza wokulitsa ndi wobereketsa, ndipo taona mmene mayinawo akufotokozera okha ntchito yake, kuposa zilembo zitatu zija. Ali ndi phando, mzere, kupalira, kubandira, manyowa, ali ndi kapuchi amene amaboola phesi, nankafumbwe wa munkhokwe, kaufiti amene amamera mmunda woguga chimanga nkumangofiira, ntchemberezandonda, chiswe. Munthu amene walima zaka 40 sangasowe dzina la chinthu chimene chimamudyera chimanga. Nde ntchito yako isanafike poyankhula ndi yomvetsera, khala nawo pansi pa mtengo uwafunse kuti ichi kuno mumati chiyani, ulembe mkabuku, miyezi itatu yokha uzidzayankhula ngati mwana wa pamudzipo.

Pamene ambiri mumagwera ndi pa miyezo. Ukati mizere italikirane masentimita 75 ndipo mapando masentimita 25, mbewu imodzi paphando monga mwa kabzalidwe kaja anthu amangoti ka Sasakawa, wanena zoona koma gogo amene wakhala pamphasa kumbuyo uko alibe tepi mnyumba mwake. Dula timitengo tiwiri usanapite, kena ka mizere kena ka mapando, ukawaonetse nkuwasiyira kuti aliyense akadule kake. Feteleza usanene za magalamu, tenga kachitsekerero ka botolo uwaonetse kuti kadzaze chonchi. Hekitala isiye ku ofesi, kumudzi anthu amawerenga maekala, ndipo ngati lipoti lako lili mmahekitala ingodziwa kuti hekitala imodzi ndi pafupifupi maekala awiri ndi theka, usinthiretu kunyumba. Peresenti nayo ndi mdani, mmalo moti 30 peresenti ya zokolola imaonongeka unene kuti pa matumba 10 alionse, atatu apita. Uona azimayi akugwira pakamwa chifukwa thumba aliyense amalidziwa kulemera kwake.

Koma usapitirirenso malire nkuyamba Chichewa cha mmabuku chimene ngakhale amfumu sayankhula. Ndinamuonapo mnyamata wina pa msonkhano akufuna kunena 67, anayamba makumi asanu ndi limodzi kudza mphambu zisanu ndi ziwiri, pofika kumapeto anthu anali ataiwala kuti akuwerenga chiyani. Nambala tonse timanena mChizungu, sikisite seveni, ndipo palibe cholakwika. Feteleza, foni, sukulu, kalabu, ngongole ya ku banki mkhonde, zonsezi ndi Chichewa chathu tsopano. Funso lodzifunsa si lakuti liwuli linachokera kuti, koma lakuti mayi anga akalimva pamsika angalizindikire?

Matenda ako si a iwe wekha, anatilowa kalekale. Kamuzu atafika pa Chileka pa 6 July 1958 anali atakhala kunja zaka pafupifupi 40, ndipo pa misonkhano yake ankayankhula Chizungu, pambali pali womasulira, a John Msonthi kenako a John Tembo. Ife tinakula tikuona kuti munthu wamkulu amayankhula Chizungu, wamng'ono nde amamasulira. Mpaka lero malamulo a dziko lino amati wofuna kukhala phungu wa Nyumba ya Malamulo azitha kuyankhula ndi kuwerenga Chizungu, nde mwana akangovala tayi amaganiza kuti lilime nalo lisinthe. Koma chimene timaiwala nchakuti Kamuzu yemweyo sankaima yekha, womasulira ankakhalapo nthawi zonse chifukwa ankadziwa kuti popanda iye uthenga sufika kwa amayi ovina aja. Iwe ku Ntchisi unalibe womasulira. Ukhale womasulira wako wekha, ndipo ulendo wina usadikire mphindi 40 kuti ufunse ngati akumva, pakatha mphindi zisanu loza bambo mmodzi mwaulemu uti bambo tatithandizani, mwamva kuti wobereketsa tithire liti? Akayankha zina udziwa pomwepo kuti wasochera ndiwe.

Malume, bambo anga aang'ono atisiya mwezi watha ndipo abale anandisankha mwadzidzidzi kuti ndiwerenge mbiri yawo chifukwa ndine amene ndinapita patali ndi sukulu. Ndinanena kuti anafa pa tsiku lakutilakuti atadwala matenda akutiakuti, ndipo ndinatchulanso kuti nthawi yonse ya matenda achibale ena sanabwere kudzawaona. Mpaka lero azakhali sakundiyankhula. Kodi ndinalakwa kunena chilungamo?
Wodandaula, Chilomoni

Pepani ndi zovutazo mphwanga. Koma inde unalakwa, kawiri kapena katatu.

Pa siwa sitimati munthu wafa. Imafa ndi nkhuku. Munthu watisiya, wamwalira, watsogola, watsikira kulichete, ndipo ikakhala mfumu timati yagona. Ukawerenga mbiri umati malemu bambo athu, kapena amene agona apawa, thupi lawo osati mtembo, ndipo adzukulu sitiwatcha okumba manda ngati ndi aganyu, ndi adzukulu basi, uwathokoze powatchula choncho. Izi si zongokometsera, pamaliro anthu mitima imakhala yanthete ndipo liwu limodzi louma limamveka ngati waponya mwala pa malata.

Za matenda, si udindo wa wowerenga mbiri kutchula dzina la nthenda pokhapokha banja litagwirizana kuti litchulidwe. Zimakwana kunena kuti anadwala kwa nthawi yaitali, anayenda nawo mzipatala, koma Mwini moyo anaitana. Amene akufuna kudziwa zambiri akafunse kuseri. Pali mabanja ena masiku ano amene amasankha kunena poyera kuti inali shuga kapena kuthamanga kwa magazi kuti ena atengerepo phunziro akayezetse, ndipo ine ndimawayamikira, koma chisankhocho ndi cha banja lonse makamaka mayi wamasiye, osati cha amene wagwira mayikolofoni.

Chachikulu ndi chija unanena cha achibale osabwera kudzazonda matenda. Mwina nzoona ndithu, ine sindikutsutsa. Koma pamaliro pamakhala amfumu, ampingo, akuntchito, anansi, apongozi a mbali zonse, nde iwe unatenga nkhani ya mnyumba nkuiyanika pamsewu. Azakhali akowo sanakwiyire chilungamo, akwiyira manyazi. Nkhani ngati imeneyo ili ndi bwalo lake, mmawa mwake anthu atabalalika, abale okhaokha mukakhala pansi ndi eni mbumba, pamenepo ukanatha kuwauza zonse mpaka kukhosi kuyere. Akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza, ndipo iwe waupezadi. Tenga munthu wamkulu amene azakhali amamumvera, upite ndi kankhuku, ndipo ukafika usakayambe ndi zoti koma ndimanena zoona. Ungoti ndinalakwitsa malo azakhali.

Ndiwonjezere kanthu kena poti ena mudzawerenganso mbiri. Musamaiwerenge ngati kalata yofunsira ntchito, anabadwa, anapita ku sukulu yakuti, anagwira ntchito kwakuti, asiya ana asanu ndi zidzukulu 12, basi. Ikanipo kanthu kamodzi kamene aliyense amawadziwira, kaya ankakonda kukonza njinga za ana a mmudzi osalipiritsa, kaya sankayamba kudya mlendo asanasambe mmanja. Pamenepo mpamene anthu amagwedeza mitu kuti eya, ndi omwewo.

Malume, ndine mlangizi wa zaumoyo wa mmudzi ndipo nthawi zambiri ndimayenera kuyankhula za kulera ndi matenda opatsirana pogonana pa msonkhano pomwe pali amfumu, azibambo, ngakhale apongozi anga enieni chifukwa ndinakwatiwa mdera lomweli. Ndikafika pa mawu ovutawo ndimathawira ku Chizungu. Kodi ndi bwino?
Mayi wa ku Zomba

Mayi, manyazi anuwo ndawamvetsa, apongozi ali pomwepo si masewera. Koma kuthawira ku Chizungu ndi kudzipulumutsa nokha nkuwasiya anthu mmadzi, chifukwa mbali imene mwaibisa mChizungu ndi yomwe anabwera kudzamva.

Chichewa chili ndi njira yapakati yotakata bwino, anamkungwi akhala akuyendamo kuyambira kale. Timati kukhala malo amodzi, kumwezi kapena kusamba, malo obisika, kumaso, woyembekezera kapena wapakati, mayi akabereka timati wachira. Munthu wamkulu aliyense amamva bwinobwino ndipo palibe amagwetsa nkhope. Musanayambe pemphani kaye chilolezo, munene kuti gogo chalo, makolo anga nonse, nkhani imene ndabwera nayo ndi ya akuluakulu, pena pakamwa panga papyola mundikhululukire, ndatumidwa ndi achipatala. Mukatero mwavala chovala cha ntchito, amene akuyankhula salinso mtengwa wa pamudzi koma mlangizi, ndipo amfumu akangoti pitirizani mayi, palibe wina angadzakunyozeni mawa.

Koma chenjerani, pali pena pamene kuzungulira kumapha. Mukamafotokoza kamwedwe ka mankhwala, masiku obwereranso ku sikelo, kapena kagwiritsidwe ka kondomu, pamenepo nenani mosapsatira, chifukwa mukangoti muzidziteteza aliyense amva zake, wina aganiza za mankhwala a kwa sing'anga. Ngati nkhani yafika pofunika kutchula zinthu ndi mayina ake enieni, agaweni anthu, azimayi paokha, azibambo paokha ndi mlangizi wamwamuna, achinyamata paokha. Mudzadabwa kuti azimayi omwe aja anali chete pamaso pa amuna awo ali ndi mafunso osatha. Ndipo ana aang'ono athamangitseni kaye, amakonda kukhala kutsogolo penipeni.

Malume, mnzanga wandipempha kuti ndikakhale emusi pa ukwati wake ku Lilongwe. Mwamuna kwawo ndi ku Mzimba, mkazi ndi wa ku Mangochi, komanso kubwera azungu awiri a kuntchito kwa mkwati. Ndiyankhule chiyankhulo chanji kuti ndisakhumudwitse wina?
Emusi wongoyamba, Area 25

Aaa mphwanga, iyi nde ntchito yokoma, ine ndinaigwirapo kangapo ndili ndi tsitsi. Yendetsa mwambo wonse mChichewa, ndicho chimene pafupifupi onse mu holomo akumva. Koma usachite ngati ziyankhulo zinazo kulibe. Polandira akuchimuna yamba ndi monire mose, ndipo akapereka ndalama uziti yewo chomene. Akuchikazi uwalonjere kuti ali uli, uwathokoze kuti sikomo kwejinji. Mawu anayi okha amenewa, ngakhale uwatchule mopotoka, uona nthungululu zake. Pita kwa ankhoswe a mbali zonse dzulo lake akuphunzitse katchulidwe, ufunsenso mayina a mafumu ndi maudindo awo ngati abwera, chifukwa ku Mzimba ndi kwa Angoni a Inkosi ya Makosi M'mbelwa, kumeneko mfumu ndi inkosi ndipo ziwongo monga Jere amazitenga mwaulemu kwambiri, ukamutchula munthu ndi chiwongo chake wamugwira mtima.

Nkhani ya chiyankhulo kwa anzathu a kumpoto si yaing'ono, ndipo achinyamata ambiri simudziwa chifukwa chake. Mu 1968 chipani cha MCP pa msonkhano wake waukulu chinagamula kuti Chinyanja chizitchedwa Chichewa ndipo chikhale chiyankhulo cha dziko pamodzi ndi Chizungu, Chitumbuka nkuchotsedwa pa wailesi ya MBC ndi mmasukulu. Chinadzabwerera pa wailesi mu 1994 ulamuliro utasintha. Nde agogo a ku Mzimba amene akhale kutsogolo pa ukwatiwo anaziona zimenezo ndi maso, ukawapatsa moni mchiyankhulo chawo pamaso pa anthu a ku Lilongwe si kanthu kochepa kwa iwo. Ngati mmodzi wa iwo akufuna kupereka malangizo mChitumbuka musiye ayankhule, upeze mwana wa mbanjamo amasulire mwachidule, osamudula nkumati agogo tiyankhule chomveka. Mawu amenewo ndinawamvapo ndi makutu anga pa ukwati wina, akuchimuna anangonyamuka mwakachetechete nthawi ya perekaniperekani isanafike, mbale inabwerera yopepuka.

Nthabwala za mitundu uzisiye pakhomo. Zija zoti anthu akwakuti ndi aumbombo, akwakuti amakonda zakuti, zimakoma pakati pa anthu amene ali pa chibale cha nthabwala ndipo akudziwana, koma iwe ndi mlendo kwa mabanja onse awiri, komanso pali Asilamu ndi Akhristu pamodzi, nde za nkhumba ndi za mowa usaziyambe nkomwe. Seka mkwati kuti lero wasamba, seka wekha, zakwana.

Azungu awiriwo asakusokoneze mutu. Alandire ndi ziganizo ziwiri zitatu mChizungu, uwaikire munthu pambali woti aziwanong'oneza zimene zikuchitika, basi. Ndaonapo ma emusi akutembenuza ukwati wonse kukhala wa Chizungu chifukwa cha alendo awiri, anthu 300 amene anasonkha ndalama ya mpunga nkumangoyang'ana kudenga. Komanso azunguwo anabwera kudzaona ukwati wa Chimalawi, ukawapatsa wa kwawo awona chachilendo chanji?

Malume, aphunzitsi athu amati sipichi yabwino imafunika miyambi yambiri komanso kupereka ulemu kwa akuluakulu onse. Ndasankhidwa kukayankhula mmalo mwa ophunzira pa tsiku lotsanzikana ndi a Fomu 4, ndipo ndapeza miyambi 11. Ndiike yonse?
Mtsikana wa Fomu 3, Dedza

Mwana wanga, 11? Ufuna kuwaphera pamipando makolo a eni? Mwambi uli ngati mchere, wochepa ndiwo zimakoma, ukachuluka anthu amatsuka. Sankha umodzi, ukakakamira iwiri, ndipo ukhale umene ukuumvetsa bwino tanthauzo lake. Ndinamvapo mnyamata akuthokoza mlendo wolemekezeka amene anabweretsa mabuku nkunena kuti walira mvula walira matope, iye ankayesa kuti akunena za madalitso a mvula, osadziwa kuti akuuza bwanayo kuti mphatso yake ibwera ndi mavuto. Aphunzitsi a Chichewa anangogwira kumutu. Komanso ija ya mutu umodzi susenza denga ipumeko pang'ono, yatopa, pa msonkhano uliwonse imasenza denga lomwelo. Kwa anzako amene akuchoka pasukulu, mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi ikukwanira bwino, uinene kamodzi kenako ufotokoze za iwowo, zimene munadya limodzi, mmene ankakuthandizirani masamu madzulo, tsiku limene mgaiwa unapsa nonse nkugona ndi njala. Anthu amakumbukira zoterozo.

Za ulemu aphunzitsi ako akunena zoona, kwathu kuno sungangoyamba kuyankhula osalonjera akuluakulu. Koma funsa ndandanda kwa ahedi, uyambe ndi mlendo wolemekezeka, mafumu kuyambira wamkulu kutsika mmunsi mpaka nyakwawa, ampingo, akomiti, aphunzitsi, makolo, kenako anzako. Utchule maudindo osati dzina la aliyense, ndipo zisapitirire theka la mphindi. Amene ayankhule iwe usanaimirire adzakhala atawatchula kale onsewo kasanu, nde palibe amene adandaule.

Ulembe sipichiyo mchiyankhulo chimene ukaiyankhulire. Ukalemba mChizungu nkumamasulira uli chiimirire udzayamba zija za ndikufuna kutenga mwayi uwu, zomwe pa Chichewa sizimveka kuti mwayiwo ukupita nawo kuti. Ngati sukulu yalamula Chizungu yankhula Chizungu chosavuta, ziganizo zifupizifupi, koma upemphe ahedi kuti mbali yothokoza makolo uinene mChichewa, poti amene anagulitsa mbatata ndi nyemba kuti alipire fizi ndi iwowo. Ukamaliza kulemba ukawawerengere amayi ako kukhitchini akuphika, pamene adzakufunse kuti chiyani pamenepo, ufufute ulembenso. Ndipo undilembere unditumizire miyambi 10 yotsalayo, pali mlangizi wina ku Ntchisi akuifuna.